Raymond Scott ndi Bokosi Lomwe Silinatsekedwe

Ambiri mwa ife tinamvapo nyimbo za Raymond Scott tisakudziwa n'komwe dzina lake. Amene tinakula tikuonera makatuni a Bugs Bunny ndi Daffy Duck tikukumbukira kanyimbo kamene kamalira makina a m'fakitale akayamba kuzungulira. Kanyimboko ndi Powerhouse, ndipo mwini wake ndi Scott. Chodabwitsa n'chakuti iye sanapekere makatuniwo nyimbozi. Kampani ya Warner Bros. inangogula nyimbo zake mu 1943. Mtima wake unali kwina, pa mawaya ndi zitsulo.

Anabadwa pa 10 September 1908 ku Brooklyn, mumzinda wa New York, ndipo dzina lake lenileni linali Harry Warnow. Makolo ake anali Ayuda ochokera ku Russia, ndipo bambo ake anali ndi sitolo ya zoimbira. Atamaliza maphunziro a nyimbo ku Juilliard mu 1931, anayamba kuimba piyano pa wailesi ya CBS, kumene mkulu wake Mark ankatsogolera oimba. Poopa kuti anthu azinena kuti ntchito waipeza chifukwa cha chibale, anasintha dzina.

Cha kumapeto kwa 1936 anayambitsa gulu lake, Raymond Scott Quintette, lomwe linali ndi anthu 6 ngakhale dzinalo limatanthauza asanu. Sankalemba nyimbo papepala. Ankang'ung'udzira woimba aliyense gawo lake mpaka aligwire pamtima, ndipo akaligwira sankaloledwa kusintha kanthu. Tikamawerenga za nthawi imeneyi timaona kuti munthuyu ankafuna kale oimba osatopa ndiponso osalakwitsa, amene pakati pa anthu sapezeka.

Mu 1946 anakhazikitsa kampani ya Manhattan Research. M'nyumba yake yaikulu ku Manhasset munali zipinda zodzaza ndi zida zosulira ndi kuboolera zitsulo, ndiponso khoma lathunthu la makina, lotalika pafupifupi mamita 9. Khomali linali ndi masiwichi odzitsegula okha, onga amene ankalumikiza matelefoni masiku amenewo. Siwichi ikadumpha, liwu limodzi linkamveka. Ikadumpha yotsatira, liwu lina, mpaka mzere wonse uthe n'kuyambiranso. Makina otere, oimba mawu motsatizana popanda dzanja la munthu, ndi amene lero amatchedwa sequencer. Robert Moog, amene anadzatchuka ndi zoimbira zamagetsi, anafika m'nyumbamo ali mnyamata cha m'ma 1950, ndipo sanaiwale kugogoda kwa masiwichiwo.

Apa tiime pang'ono. Aliyense wa ife amene anayesapo kudzipangira kachipangizo ka magetsi akudziwa kuti kulumikiza mawaya patebulo si ntchito yovutitsitsa. Mutu umawawa pofuna kuika zonse m'bokosi. Pamafunika chitsulo chopyapyala cha kutsogolo, nkhope ya makinawo, chodulidwa mogwirizana ndendende ndi pakamwa pa bokosi. Bowo lililonse la batani liyenera kuyang'anizana ndi chimene chili kuseri kwake. Likaphonya ndi milimita imodzi, batani limakakamira. Mabatani akayandikana kwambiri, chala chimagunda awiri. Kuseri kuyenera kutsala malo okwanira mawaya, apo ayi nkhopeyo siikhala pansi pomanga masikuluwu. Kenako pamabwera kulemba dzina pansi pa batani lililonse. Vuto lalikulu ndi ili: bowo likabooledwa silibwerera. Woboola amakhala walonjeza kuti maganizo ake atha, makinawo akhala momwemo.

Lonjezo limeneli ndi lomwe Scott sankatha kulisunga. Tizida tating'ono ankatimaliza. Circle Machine inali ndi mababu oikidwa mozungulira ndi kamkono kozungulira pamwamba pake, kuwala kwa babu lililonse n'kumasankha kukwera kapena kutsika kwa liwu. Ndi zida zake anapanga nyimbo za malonda a pa wailesi, ndiponso zimbale zitatu zogonetsera ana, Soothing Sounds for Baby. Koma cha m'ma 1959 anayamba Electronium, makina oti azipeka nyimbo pamodzi ndi munthu. Munthu ankasankha kamayimbidwe, makina n'kumapereka njira zosiyanasiyana zokapitirizira, iye n'kumasunga zimene zamukomera.

Berry Gordy, mwini kampani ya nyimbo ya Motown, anakaona makinawo ndipo anaitanitsa ake. Electronium imeneyo inalowa m'kabati yokongola ya matabwa, kutsogolo kwake kuli mizere ya mabatani, masiwichi ndi timagetsi, ngati malo a woyendetsa ndege. Poiona munthu akanati yatha. Mu 1971 Scott analembedwa ntchito yotsogolera kafukufuku wa nyimbo zamagetsi ku Motown, ku Los Angeles, ndipo anakhalako mpaka 1977. Zaka zonsezo ankangotsegula kabatiyo, kusintha za m'kati, kuwonjezera zina. Palibe nyimbo yodziwika ya Motown imene inatuluka m'menemo.

Sitikufuna kumuweruza mwankhanza. Anali patsogolo pa anzake ndi zaka zambiri, ndipo mu 1942 anatsogolera gulu la pa wailesi la oimba akuda ndi azungu pamodzi, pamene zimenezo zinali zachilendo ku America. Koma anali wobisa zinthu, woopa kuberedwa nzeru, moti atakalamba anavomereza yekha kuti anabisa mopitirira muyeso. Pamene iye ankabisa, Moog ndi Don Buchla ankagulitsa makina okhala ndi nkhope zolembedwa bwino, zoti woimba wina aliyense aziwerenga.

Mu 1987 anadwala sitiroko, ndipo sanathenso kugwira ntchito kapena kucheza ndi anthu. Anamwalira pa 8 February 1994 ku Los Angeles ali ndi zaka 85. Mu 1996 Mark Mothersbaugh, woimba wa gulu la Devo, anagula Electronium ija. Kabati inalipo, mabatani ali m'mizere yake, koma inali isakugwira ntchito.