Thomas Branch: mlendo wakuda amene anapirira ku Makwasa

M'gawo la mbiri ya anthu akale mwezi uno tikukufotokozerani za munthu amene ntchito yake mumaidutsa nthawi iliyonse mukakwera minibasi kuchoka kuno ku Thekerani kupita ku boma. Tikunena za Malamulo, pa Makwasa paja. Ambirife timangodziwa chipatala ndi sukulu, koma kodi mukudziwa kuti amene anagwira mishoniyi m'zaka zake zisanu zoyambirira anali munthu wakuda wochokera ku America? Dzina lawo anali a Thomas Branch.

A Branch anabadwa mu 1856 ku Missouri, ukapolo usanathe m'dziko la America. Atakula anagwira ntchito ku kampani ya njanji ku Colorado, uku akulalikira mu mpingo wa Seventh-day Adventist. Mu 1902, ali ndi zaka 45, mpingo unawatuma kuno limodzi ndi akazi awo mayi Henrietta, mwana wawo wamkazi Mabel amene anali mphunzitsi, ndi anyamata awiri, Paul ndi Robert. Taganizani, msinkhu umene ena amayamba kuganiza zopuma, iwo n'kumanga katundu kupita kudziko limene sanalionepo.

Mwina mukuganiza kuti poti anali akuda ngati ife, zinthu zinawayendera mosavuta. Ayi ndithu. Mavuto anayambira pa doko penipeni. Nthawi imeneyo wobwera kuno ankatsikira ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere, n'kukwera sitima yapamadzi kutsata Zambezi ndi Shire. Ku Chindeko mkulu woyimira boma la Britain anawaimitsa masiku 9. Sikuti anapalamula. Atsamunda ankaopa anthu akuda ophunzira ochokera ku America, poganiza kuti adzatsegula anthu m'maso. Chinanso, anabwera ndi Joseph Booth, mzungu amene boma linkamuona ngati wovuta chifukwa cholimbikitsa kuti Africa ikhale m'manja mwa eni ake. Booth ndi yemwe uja anapita ndi John Chilembwe ku America mu 1897.

Anafika pa mishoni kumapeto kwa Ogasiti 1902. Malowa ankatchedwa Plainfield, ndipo anali munda waukulu wa maekala pafupifupi 2,000 umene kale ankalimapo khofi. Thyolo wa nthawi imeneyo si uyu mukumudziwayu. Tiyi anali asanadzaze mapiriwa, msewu wa phula kunalibe, ndipo njanji yodutsa kuno ku Thekerani inali isanamangidwe, poti sitima inayamba kufika ku Blantyre mu 1908. Ndiye munthu amene anazolowera kulira kwa sitima tsiku ndi tsiku anapezeka ali kumalo kumene katundu ankayenda pamutu, ndipo kalata yochokera kwawo inkatenga masabata ambirimbiri.

Nanga tsiku ndi tsiku zinkakhala bwanji? Choyamba chinali chilankhulo. Khungu linali lofanana ndi la anthu a m'midzi yozungulira, koma pakamwa panali Chingerezi, pamene eni dera ankalankhula Chimang'anja. Sukulu ikanayenda bwanji popanda anthu a konkuno? N'chifukwa chake aphunzitsi ngati a Morrison Malinki ali ndi malo aakulu m'mbiri ya mishoniyi. Mlendo, ngakhale akhale wophunzira chotani, amayenda ndi miyendo ya eni mudzi.

Chachiwiri chinali malungo. Zoti udzudzu ndi umene umafalitsa matendawa zinali zitangotulukiridwa kumene mu 1897, ndipo mankhwala odalirika anali kwinini basi. Booth anachoka patangopita miyezi yochepa. Mu 1903 kunabwera Joseph Watson kudzathandiza, koma chakacho chisanathe anamwalira ndi malungo. Banja la a Branch linatsala lokha. Nawonso ankadwaladwala, koma sanathawe. Mayi Henrietta ankadziwa za unamwino, moti ankasamalira odwala, a m'nyumba mwawo ndi a m'midzi omwe.

Chachitatu chinali mimba. Ndalama zochokera kunja zinali zochepa, kotero mishoni inkadalira kumunda. Bambo uja anazolowera njanji anayenera kuphunzira nyengo za kuno, kuyang'anira ulimi ndi kudyetsa ana asukulu. Mabel ndiye anagwira choko m'kalasi. Aliyense m'banjamo anali ndi ntchito yake yoti anthu aione ndi maso.

Pamwamba pa zonsezi panali kukayikiridwa. Azungu ena a m'maesiteti sankakondwa kuona munthu wakuda akuyendetsa mishoni. Kumbukirani kuti m'zaka zomwezo Chilembwe anali atayamba ntchito yake ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mothandizidwa ndi Landon Cheek ndi Emma DeLany, nawonso akuda ochokera ku America. Atsamunda ankawaika onsewa m'gulu limodzi la anthu oyenera kuwayang'anitsitsa. Choncho a Branch anali mlendo kawiri: kwa anthu akumudzi anali wakunja, kwa azungu anali wakuda.

Kupirira kuja kunabala zipatso. Pa 14 Julaye 1906 anakhazikitsa mpingo woyamba wa Adventist m'dziko muno, wa anthu 21. Mu 1907, chaka chimene dziko lino linayamba kutchedwa Nyasaland, anasiya mishoni m'manja mwa Joel Rogers, amene anasintha dzina la Plainfield kukhala Malamulo.

Koma musaganize kuti nkhaniyi inatha mokoma ngati filimu. Anapita ku South Africa kukafuna nyengo yabwino ndi sukulu ya anyamata awo, koma anawo anakanidwa malo chifukwa cha khungu. Mu 1908 anabwerera ku America n'kukapitiriza ntchito, makamaka ku Philadelphia. Mayi Henrietta anamwalira mu 1913, ndipo a Branch anatsatira mu 1924 ku Los Angeles, kutali ndi mapiri a Thyolo.

Tsono achinyamata anzathu, nkhaniyi ikutikhudza pati? Ambiri mwa inu mukulota za ku Joni, ena muli kale kumeneko, ena mumawolokera ku Mozambique kukachita geni kapena ganyu. Musanamizike kuti poti kumeneko kulinso anthu akuda ndiye kuti mukakhala ngati kwanu. Pa chipata akakufunsani mapepala, thupi likadabwa ndi nyengo, pakamwa pakauma chifukwa cha chilankhulo, ndipo pakapezeka ena okukayikirani musanalakwe n'komwe. Akuluakulu ananena kale kuti kwa eni kulibe mkuwe. Chimene chinawathandiza a Branch si mwayi ayi. Anali ndi luso m'manja, anadalira eni dera, anasamala za thanzi, ndipo sanathawe chaka choyamba chitawawa. Musananyamuke, dzifunseni ngati zinayi zimenezi muli nazo.

Mbali inayo ndi yathu otsala. Kuno kwathunso kumabwera alendo: namwino wotumizidwa kuchokera ku mpoto, mphunzitsi wochokera kunja, banja lowoloka Ruo kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi. Makolo a ambirife, makamaka ife Alhomwe, analowanso m'boma lino ngati alendo kuchokera ku Mozambique. Ndiye mukamuona wina akuphonya moni kapena akulimbana ndi mtanda wa nsima, musamuseke. Muphunzitseni mawu awiri atatu, mumulozere pa mjigo ndi pa msika. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Amene muli ndi agogo anaphunzira ku Malamulo, kawafunseni zimene anamva za masiku oyambirirawo, mudzatigawireko tikakumana pa msonkhano wathu ukubwerawu.