Dombo Dombo, kholo la a Pereira a ku Macanga: zonena za makolo ndi zolembedwa m'mapepala

Aliyense wodziwa mbiri ya Macanga amadziwa kuti dzikoli linalamulidwa ndi banja la Pereira kwa zaka zambiri, mpaka 1902. Lero pa mbiri ya anthu akale tikukamba za tsinde la banjali, Gonçalo Caetano Pereira, amene anthu a kuno anamutcha Dombo Dombo. Apwitikizi a nthawi yake ankati dzinali likutanthauza munthu woopsa. Mbiri yake ndi yoterera, chifukwa nkhani zapakamwa zikadutsa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi zimasakaniza bambo, mwana ndi mdzukulu kukhala munthu mmodzi. Tiyeni tiziike pambali pa mapepala tione.

Choyamba ndi kwawo. Wina angakuuzeni kuti agogo ake a agogo anali mzungu wochokera ku Portugal. Mapepala akunena zina: Gonçalo anali wa ku Goa, dera la ku India limene linali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo anafika ku Zambezi cha m'ma 1760. Koma wofotokozayo sananame kwenikweni. M'chigwa cha Zambezi masiku amenewo mawu oti mzungu sankayang'ana khungu lokha. Ankatchulira aliyense wokhala ndi dzina la ubatizo, malo, mfuti ndi akapolo, kaya ndi Mpwitikizi, wa ku Goa kapena wobadwa kwa mayi wakuda. Tanthauzo la mawu ndi limene linasintha m'njira.

Chimene chinamuwolotsa Zambezi n'kupita naye kumpoto kwa Tete chinali golide. Dziko limeneli linali la Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, ndipo wobwera aliyense wofuna kukumba ankayenera kugwirizana ndi eni nthaka ndi kupereka mitulo ya nsalu ndi mikanda. Gonçalo anakhazikika pa mgodi wotchedwa Java. Amene ankakumba ndi kusefa golide m'migodi imeneyi anali makamaka akazi, akapolo. Izi tiyenera kuzinena poyera, chifukwa tikamanyadira kholo lolemera timaiwala msanga manja amene analilemeretsa, ndipo ambiri mwa ife tingakhale zidzukulu za akazi amenewo osati za mwini mgodi.

Pamene Dombo Dombo akuonekera bwino m'mapepala ndi m'zaka za m'ma 1790. Cha mu 1793 amalonda a mtundu wa Abisa anafika kwa iye ndi minyanga ya njovu, namuuza kuti Kazembe, mfumu ya Alunda ya kufupi ndi nyanja ya Mweru, komwe lero ndi Zambia, akufuna kuchita malonda ndi anthu a ku Tete. Mu 1796 anatumiza mwana wake Manuel Caetano Pereira pamodzi ndi Abisawo. Manuel anawoloka Luangwa ndi Chambeshi, anafika kwa Kazembe, anakhalako miyezi ingapo, ndipo anabwerako ndi nthumwi za mfumuyo. Choncho mukamva kuti Dombo Dombo ndiye anatsegula njira ya kwa Kazembe, dziwani kuti njirayo Abisa ankaiyenda kale, ndipo wa m'banjamo amene anayamba kuipondaponda anali mwana, osati bambo.

Nthawi yomweyo ku Tete kunafika bwanamkubwa watsopano, Francisco José de Lacerda e Almeida, wobadwira ku Brazil, katswiri wa masamu ndi nyenyezi. Iye anali ndi lamulo lochokera ku Lisboa lofufuza njira yodutsa pakati pa Africa kukatulukira ku Angola. Atamva za ulendo wa Manuel anamufunsa zonse n'kuzilemba. Mu July 1798 ananyamuka ku Tete ndi asilikali, wansembe ndi gulu lalikulu la onyamula katundu, ndipo Gonçalo anapita nawo monga wodziwa thengo ndi mafumu a m'njira. Ulendowu unali wa mavuto kuyambira pachiyambi. Onyamula katundu ankathawa usiku n'kusiya mitolo m'njira. Lacerda ankadwala malungo, ndipo anamwalira mu October 1798 atatsala pang'ono kuonana ndi Kazembe. Utsogoleri unapita kwa wansembe uja, Francisco João Pinto, amene sankamvana ndi anzake ena a m'gulumo. Kazembe anakana kuwalola kupitirira kumadzulo, ndipo otsalawo anabwerera ku Tete mu November 1799.

Mabuku aulendo a Lacerda ndi a Pinto alipo mpaka lero, ndipo Richard Burton anawamasulira m'Chingerezi mu 1873. Ndi mmenemo mmene timamuona Dombo Dombo akuyenda, akukambirana ndi mafumu, akudalirika ndi bwanamkubwa amene sakanafika patali popanda iye. Koma tisawameze osatafuna. Anawalemba ndi anthu odwala, otopa, okangana, ndipo wolemba aliyense ankafuna kuti vuto la ulendo ligwere wina.

Nanga ufumu wa Macanga? Apa ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri. Gonçalo m'mapepala ndi wokumba golide ndi wamalonda. Amene anasandutsa chuma chimenechi kukhala ufumu ndi Pedro Caetano Pereira, wodziwika kuti Chamatowa, amene m'mapepala a Chipwitikizi amalembedwanso Choutama, ndipo olemba mbiri amamuwerenga ngati mwana wa Gonçalo. Wolowa m'malo mwake, Chissaka, nayenso dzina lake la ubatizo linali Pedro Caetano Pereira. Mukapeza kalata yakale yokhala ndi dzina limeneli, yang'anani chaka musanasangalale, chifukwa mwina si munthu amene mukumufunayo. Pamenepa dzina lachikuda limathandiza kuposa la ubatizo, ndipo amene analisunga ndi akuluakulu a m'midzi.

Palinso china chimene pakamwa pamaposa pepala. Allen Isaacman, wolemba mbiri wa ku America amene anacheza ndi akuluakulu a m'chigwa cha Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anafotokoza kuti a Pereira anapeza Macanga chifukwa chothandiza Undi pa nkhondo ndi kukwatira m'banja lachifumu. Kwa Mchewa nkhani imeneyi n'njomveka, chifukwa ife ufumu ndi nthaka timaziwerengera kuchikazi. Mlembi wa Chipwitikizi ankasamala za bambo, udindo wake ndi katundu wake. Wofufuza amene angotsata mayina a abambo m'kaundula adzafika ku Goa, n'kuphonya amayi amene anapatsa banjali ufulu wokhala pa dziko la Achewa.

Ndiye ngati muli ndi dzina la Pereira, kodi ndinu mdzukulu wa Dombo Dombo? Dzina lokha silikwanira. Akapolo, achikunda amene ankagwira mfuti za mabwana, ndi anthu obatizidwa ankatenga kawirikawiri dzina la mbuye wawo kapena la wowaimirira pa ubatizo. Chofunika ndi kuyambira pafupi. Funsani amalume ndi agogo aakazi dzina la ubatizo ndi la pamudzi la munthu aliyense, mudzi wake, mfunda wake ndi kumene anaikidwa. Lembani aliyense payekha, musawafunse pamodzi, chifukwa wamkulu akayankhula enawo amangovomera. Mukatero pitani ku mabuku a ubatizo a ku mishoni ndi ku Registo Civil. Musadabwe mukapeza mipata: m'nthawi ya atsamunda, mpaka 1961, anthu akuda ambiri anali pansi pa lamulo la indigenato, ndipo mapepala ena anatayika pa nkhondo, pamene mabanja ankathawira ku Malawi ndi ku Zambia. Zakale kwambiri zili ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo ndi ku Arquivo Histórico Ultramarino ku Lisboa.

Banja limene Dombo Dombo anayambitsa linamenyana ndi boma la ku Tete kangapo m'zaka za m'ma 1800, likulamulira kuchokera m'linga lake la ku Muchena. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linadula dziko la Undi, Macanga n'kugwera mbali ya Apwitikizi. Wolamulira womaliza, Chinsinga, anagonjetsedwa mu 1902.