Mayi Jane Todd Crawford, 1763–1842

Ambiri a ife kuno ku Mtakataka, Mua ndi Golomoti timadziŵa mayi wina amene anachotsedwa chiberekero kuchipatala nabwerako wamoyo. Koma ndi oŵerengeka amene tinamvapo za mayi amene analimba mtima kutsogolera njira imeneyi.

Mayi Crawford anabadwa mu 1763 ku Virginia m'dziko la Amereka, ndipo atakwatiwa ndi Bambo Thomas Crawford anakakhala kumudzi m'chigawo cha Kentucky. Mu 1809 mimba yawo inayamba kukula. Anthu ankati ndi pakati, kapenanso mapasa, koma nthaŵi inakwana mwana osaoneka, ululu wokhawokha. Dotolo Ephraim McDowell ataŵayeza anapeza kuti chinali chotupa pa thumba la mazira, m'mbali mwa chiberekero, ndipo anaŵauza mosabisa kuti kung'amba pamimba kungathe kuŵapha.

Mayiŵa anavomera. Anakwera kavalo m'nyengo yachisanu ulendo wa mamailosi 60 kunka ku Danville, mtunda woposa kuchoka kuno kukafika ku Salima. Pa 25 December, tsiku la Khirisimasi, anagona pa tebulo m'nyumba ya dotoloyo. Mankhwala ogonetsa kunalibe masiku amenewo, tsono kwa mphindi 25 iwo ankangoimba masalmo mpeni uli mkati. Chotupacho chinalemera makilogalamu 10. Pa tsiku lachisanu dotolo anaŵapeza akudziyalira okha pogona (ife amayi sitidabwa nazo zimenezi), ndipo patapita masiku 25 anabwerera kwawo.

Madotolo ena anakayika nkhaniyi, koma pang'onopang'ono anatsata. Mu 1853 Dotolo Walter Burnham wa ku Lowell anachotsa chiberekero chenichenicho kudzera pamimba, wodwalayo nachira. Lero opaleshoni imeneyi imachitika ndi kuno kwathu komwe, monga ku Kamuzu Central ku Lilongwe, munthu ali m'tulo. Imapulumutsa mayi wa zotupa za m'chiberekero, wa khansa ya khomo la chiberekero ikapezeka msanga, ndiponso amene magazi akukana kuleka atachira. Mayi wotere sasambanso ndipo saberekanso, koma za m'banja zimayenda monga kale, ndiye amene amamunena kuti watha ukazi amangomulakwira.

Mayi Crawford anakhala moyo zaka zina 32. Anamwalira mu 1842 ku Indiana ali ndi zaka 78.