MAYI MONICA, MAYI WOUGWIRA MTIMA

Pamene tikukumbukira tsiku limene gulu lathu linayamba, ndati tionere limodzi moyo wa Mayi Monica. Ambiri timawadziwa kuti ndiwo anabereka Augustine, bishopu wa ku Hippo. Koma chimene ine ndaphunzira kwa iwo ndicho kuugwira mtima pa nthawi ya mkwiyo.

Mayi Monica anabadwa cha m'ma 331 ku Thagaste, m'dziko limene lero likutchedwa Algeria. Ali mtsikana, makolo ankawatuma kukatunga vinyo, ndipo anayamba kumalawako mobisa. Tsiku lina atakangana ndi wantchito wa pakhomo, iye anawanena kuti ndi chidakwa. Mawuwo anawawawa, koma anaona kuti ndi oona, ndipo chizolowezicho anachisiyira pomwepo.

Atakula anakwatiwa ndi Bambo Patricius, amene sanali Mkhristu ndiponso anali a mtima wapachala. Bambowo akapsa mtima, Mayi Monica sankabweza mawu. Ankadikira kuti mtima uyambe watsika, kenaka n'kuwafotokozera bwinobwino pamene alakwitsa. Choncho sankabisa choonadi ayi, koma ankadziwa nthawi yochinenera. Amayi a m'mudzimo ankadabwa kuti bambo aukali chotere sanawamenyepo. Apa tisamve molakwa, amayi. Mnzathu amene akumenyedwa asangokhala chete, akanene kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo ngakhale kupolisi.

Apongozi awo aakazi nawonso poyamba ankawada chifukwa cha mabodza a antchito. Mayi Monica anapitiriza kuwalemekeza mpaka apongoziwo anazindikira okha kumene kunkachokera udaniwo, ndipo anakhala mokondana. Bambo Patricius anabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira, cha m'ma 371.

Tisaganize kuti mayiwa sankakwiya. Augustine atalowa chipembedzo cha Amanikeo, iwo anamukaniza kukhala m'nyumba mwawo ndi kudya nawo pamodzi. Pambuyo pake analota loto limene linawalimbitsa mtima, ndipo anamulandiranso. M'chaka cha 383 mwanayo anawanamiza pa doko la ku Carthage, nakwera chombo usiku kupita ku Roma, kuwasiya akupemphera. Analira kwambiri, koma sanamutaye. Anamutsatira mpaka ku Milan, kumene Bishopu Ambrose anamubatiza pa Pasaka wa mu 387. Chaka chomwecho Mayi Monica anamwalira ku Ostia ali ndi zaka pafupifupi 56.

Pali khalidwe lina limene mwana wawo analemba m'buku losimba za moyo wake. Amayi awiri akayambana, aliyense ankabwera kwa Mayi Monica kudzakhuthula zakukhosi. Iwo ankamvetsera zonse, koma sankatenga mawu owawa a uyu kukatula kwa uyo. Ankangonena zokhazo zimene zikanawayanjanitsa.

Apa ndi pamene pandikhudza ine monga mlembi. Pa udindo umenewu ndimamva zambiri, ndipo ndivomere kuti nthawi zina lilime limandiyabwa. Tsiku lina ndinakalipira mayi wina pagulu chifukwa chochedwa ndi chopereka, osadziwa kuti kunyumba anali ndi matenda. Anakhala miyezi osabwera kumsonkhano mpaka ndinapita kukapepesa. Tikanamutaya mnzathu chifukwa cha mkwiyo wanga wa kanthawi kochepa.

Tsono inu amayi apampando, alembi ndi asungichuma, mtima ukapsa tiyambe takhala chete ndi kupemphera. Wolakwa timuitanire pambali, tisamuchititse manyazi pagulu. Zimene tamva kwa wina tizisefe monga timasefera ufa, madeya atsale. Mayi Monica analibe udindo uliwonse mu mpingo, komabe amuna awo, apongozi awo ndi mwana wawo anakopeka ndi kufatsa kwawo. Ambuye atithandize kuti chaka chikubwerachi pasapezeke mayi wochoka m'gulu chifukwa cha pakamwa pathu.