Mfumukazi Tiye

Munthu akanyamuka ku Mughese m'boma la Chitipa kuloŵera kumpoto, amadutsa maiko a Tanzania, Uganda, South Sudan ndi Sudan, kenaka amafika ku Egypt. Kalekale m'dziko limeneli munali mfumukazi ina dzina lake Tiye.

Tiye anabadwa cha m'chaka cha 1398 Khristu asanabadwe. Atate ake anali Yuya, mkulu woyang'anira akavalo ndi magaleta a mfumu, ndipo amai ake anali Thuya. Kwao kunali ku Akhmim. Ngakhale sanali wa banja lachifumu, iye anakwatiwa ndi mfumu Amenhotep III akali mtsikana wamng'ono.

Mfumuyo inali ndi akazi ena, koma Tiye ndiye anali mkazi wamkulu. Inamkumbitsira dziŵe lalikulu loyendamo pa bwato, ndipo inammangiranso kachisi ku Sedeinga, m'dziko limene lero ndi Sudan. Amisiri posema chifanizo chachikulu cha aŵiriwo, anawalinganiza msinkhu.

Amenhotep analamulira zaka 38. Atamwalira, Akhenaten, mwana wa Tiye, analoŵa ufumu. Pamenepo panabuka nkhani yovuta. Tushratta, mfumu ya ku Mitanni, anali atalonjezedwa mafano a golide weniweni, koma analandira a mtengo okutidwa ndi golide. Ubwenzi wa maufumu aŵiriwo unagwedezeka. Tushratta analembera Tiye kalata pa phale ladongo, kumpempha kuti akumbutse mwana wake za pangano la atate ake. Analangizanso Akhenaten kuti afunse amai ake, popeza iwo ankadziŵa zonse zimene mafumu aŵiriwo anapangana. Motero Tiye anali ndi ulemu wonga umene Amaravi ankapereka kwa Nyangu, mai wa Kalonga.

Tiye anamwalira cha m'chaka cha 1338 Khristu asanabadwe. M'chaka cha 1898 Victor Loret anapeza thupi lake loumikidwa, koma panalibe dzina. Pambuyo pake, m'manda a mdzukulu wake Tutankhamun munapezeka kabokosi kolembedwa dzina la Tiye, muli tsitsi. Akatswiri anaona kuti tsitsilo likufanana ndi la thupi lija, ndipo m'chaka cha 2010 anatsimikiza kuti thupilo ndi la Tiye. M'chaka cha 2021 analisamutsira ku nyumba yatsopano yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Cairo.

Mafunso

1. Kodi makolo a Tiye anali yani?
2. N'chifukwa chiyani Tushratta analembera kalata Tiye?
3. Akatswiri analizindikira bwanji thupi la Tiye?