Franklin D. Roosevelt, Mtsogoleri wa Nthawi ya Umphawi ku America

Pa 4 March 1933, pamene a Franklin Delano Roosevelt analumbira kukhala Pulezidenti wa United States of America, cuma ca dziko lolemera lija cinali citalowa pansi. Mwa anthu anai alionse oyenera kugwira nchito, mmodzi anali pa ulova, ndipo onse pamodzi anali pafupifupi mamiliyoni 13. Mabanki zikwizikwi anali atagwa pamodzi ndi ndalama zimene anthu anasungitsa. Alimi anali kukolola ndithu, koma mitengo ya cimanga, tirigu ndi thonje inatsika kotero kuti ambiri analandidwa minda cifukwa ca ngongole. Bvutoli, limene linayamba mu October 1929, linafika ngakhale m'dziko lino, pakuti mu 1931 migodi ya Bwana Mkubwa ndi Mufulira inatsekedwa ndipo anchito ambiri anabwerera kumidzi kwao.

A Roosevelt sanakulire m'umphawi ai. Anabadwa pa 30 January 1882 ku Hyde Park, m'cigawo ca New York, m'banja lacuma, ndipo anaphunzira ku Harvard. Mu 1905 anakwatira mai Eleanor, amene pambuyo pake anakhala maso ndi makutu ao poyendera osauka. Mu 1921, ali ndi zaka 39, anagwidwa ndi matenda amene madokotala anati ndi poliyo, ndipo kuyambira pamenepo sanayendenso okha popanda cocirikiza. Ambiri anayesa kuti ndale zao zathera pomwepo, koma mu 1928 anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa New York, ndipo mu 1932 anapambana masankho a dziko lonse.

Cikhulupiriro cao cinali cakuti ngati munthu wakhama asowa cakudya popanda kulakwa kwake, Boma lisaime patali ndi kupenyerera. Makonzedwe ao anadziwika ndi dzina lakuti New Deal, ndiko kunena pangano latsopano pakati pa Boma ndi anthu. Atangolowa pampando anatseka mabanki onse kwa masiku ocepa kuti afufuzidwe. Pa 12 March analankhula pa wailesi m'mau osabvuta kumva, ndipo mabanki atatsegulidwa, anthu anayamba kubweza ndalama zimene anabisa m'nyumba.

Anthu akumidzi sanaiwalike. Bungwe la Civilian Conservation Corps linalemba anyamata pafupifupi mamiliyoni 3 kuti abzale mitengo ndi kuteteza nthaka kuti isakokoloke. Mnyamata anali kulandira madola 30 pamwezi, ndipo madola 25 mwa amenewa anali kutumizidwa kwa makolo ake. M'cigwa ca mtsinje wa Tennessee Boma linamanga madamu oletsa kusefukira kwa madzi ndi kupanga magetsi. Mu 1935, pamene famu imodzi yokha mwa mafamu khumi inali ndi magetsi, Boma linayamba kukongoza ndalama kwa makoparetivi a alimi kuti akoke okha nthambo kufika kwao. Caka comweco kunabwera lamulo la penshoni ya okalamba ndi cithandizo ca ocotsedwa nchito, ndiponso lamulo lopatsa anchito ufulu wokhala m'mabungwe ao.

Komabe si zonse zimene zinayenda bwino. Pofuna kukweza mitengo ya mbeu, Boma linali kulipira alimi kuti acepetse minda, ndipo mu 1933 nkhumba pafupifupi mamiliyoni 6 zinaphedwa pamene ena anali kugona ndi njala. Ndalama zambiri zinapita kwa eni minda, ndipo ambiri mwa olima pa minda ya eni, makamaka anthu akuda a kumwera, anathamangitsidwa. Lamulo la penshoni nalonso poyamba linasiya kunja anchito a m'mafamu ndi a m'nyumba. Mu 1936 khoti lalikulu linathetsa lamulo la zaulimi lija, ndipo mu 1937, Boma litacepetsa ndalama za zitukuko, ulova unakweranso. Unadzatha kwenikweni pamene nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inatsegula nchito m'mafakitale ndi m'gulu la asilikali.

Ngakhale zinali conco, anthu wamba anawakhulupirira, nawasankha kanai, mu 1932, 1936, 1940 ndi 1944, cinthu cimene Pulezidenti wina aliyense wa dzikolo sanacionepo. Anamwalira pa 12 April 1945 ku Warm Springs, m'cigawo ca Georgia, ali ndi zaka 63, nkhondo itatsala pang'ono kutha. Madamu a ku Tennessee akali kupereka magetsi, ndipo okalamba a ku America akali kulandira penshoni mwezi ndi mwezi mwa lamulo limene iwo anasaina mu 1935.