Al-Khazini, kapolo amene anapanga sikelo yogwira golide wachinyengo

Nyengo yogulitsa thonje ndi nandolo ikafika kuno ku Balaka, maso athu sachoka pa sikelo ya venda. Timadziwa kuti sikelo ikangopotozedwa pang'ono, fizi ya mwana yathera pomwepo. M'kope lino tikumbukire katswiri wa Chisilamu amene anadzipereka pa ntchito ya kuyeza molungama, Abd al-Rahman al-Khazini, Allah amuchitire chifundo.

Al-Khazini ankakhala mumzinda wa Merv, womwe mabwinja ake ali m'dziko la Turkmenistan lero, ndipo ntchito zake zikuluzikulu anazigwira cha m'ma 1115 mpaka 1130. Iye anali kapolo wochokera ku Byzantium, dziko la Agiriki. Mbuye wake anali msungichuma wa kunyumba ya mfumu, ndipo dzina lakuti al-Khazini linachokera pa udindo umenewu, poti khazin m'Chiarabu ndi msungichuma. Mbuyeyo ataona nzeru za mnyamatayu anamulipirira maphunziro apamwamba, makamaka a masamu, mpaka anadzakhala katswiri wodalirika wa Sultan Sanjar wa ufumu wa Seljuk.

Nyumba yosungira chuma cha mfumu inali ndi vuto lalikulu. Golide wosakaniza ndi siliva kapena mkuwa amawala ngati weniweni, ndipo sikelo wamba singamuzindikire. Njira yomuzindikirira inali itadziwika kale kuchokera kwa Archimedes wa ku Sicily. Chinthu chikamizidwa m'madzi chimapepuka, ndipo chimapepuka molingana ndi kulemera kwa madzi amene chawakankha. Golide ndi wolemera kwambiri, choncho kilogalamu yake ndi kachidutswa kakang'ono kamene kamakankha madzi ochepa. Kilogalamu ya siliva ndi yaikulupo, imakankha madzi ambiri, ndipo imapepuka kwambiri. Ukayeza chitsulo panja, n'kuchiyezanso chili m'madzi, kusiyana kwakeko kumaulula zimene zili m'kati mwake popanda kuchidula kapena kuchisungunula.

Al-Khazini asanayambe, katswiri wina dzina lake al-Asfizari anali atapangira kale Sanjar sikelo yotere. Olemba mbiri akale amasimba kuti msungichuma wa mfumuyo pa nthawiyo, poopa kuti chinyengo chake chiululika, anaiphwanya, ndipo al-Asfizari anamwalira ndi chisoni. Al-Khazini ankadziwa zimene zinagwera mnzakeyo, komabe anaipanganso sikeloyo, n'kuikonza bwino koposa. Mtanda wake unali wa mamita pafupifupi 2, ndipo inali ndi mbale zisanu: ina yomizidwa m'madzi, zina zoyenda pamtandawo.

M'chaka cha 515 pa kalendala ya Hijri, chomwe ndi 1121 mpaka 1122, anamaliza buku lake lotchedwa Kitab Mizan al-Hikma, kutanthauza Buku la Sikelo ya Nzeru. M'menemo anafotokoza kapangidwe ka sikeloyo, nalemba kulemera kwa zitsulo, miyala yamtengo wapatali ndi zamadzimadzi, potsatira ntchito ya al-Biruni amene anabadwa mu 973. Analemba kuti golide amalemera maulendo 19.05 kuposa madzi odzaza malo ofanana; makina a lero amapeza 19.3. Pa mtovu analemba 11.32, pamene lero timapeza 11.34. Anachenjezanso kuti madzi otentha ndi ozizira salemera mofanana, choncho woyeza aziganizira nyengo, komanso kuti mpweya nawo uli ndi kulemera kwake. Sanabise mayina a amene anamutsogolera, Asilamu ndi Agiriki omwe, ndipo mpaka lero khalidwe la wofufuza woona ndi lomwelo.

Munthu ameneyu ankayeza golide wa mfumu, koma mtima wake sunakodwe naye. Atamaliza buku lina la kayendedwe ka nyenyezi, lomwe analitcha dzina la Sanjar, akuti mfumu inamutumizira madinari 1,000. Iye anawabweza, poti anali nawo kale khumi, pa chaka ankagwiritsa ntchito atatu okha, ndipo pakhomo pake ankakhala ndi mphaka basi.

Ife a m'kalasi ya maphunziro a Chisilamu nkhaniyi imatikumbutsa Surat Al-Hadid, pamene ayah 25 imatchula sikelo ndi chitsulo pamodzi, komanso Surat Al-Mutaffifin yomwe imachenjeza opungula miyeso. Amene amayeza mphamvu ya simenti, njerwa ndi zitsulo zomangira mlatho wasenza amana yomweyo, chifukwa akalemba nambala yabodza, anthu amafa mlatho ukagwa m'dzinja.

Ana athu, ntchito ya al-Khazini ilipo kwathu konkuno. Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Nkaya, madzi a Shire amatsekeredwa ndi zipata zachitsulo pa Liwonde, ndipo m'phiri la Kangankunde muli miyala ya rare earth yomwe imafunika popanga maginito amphamvu. Zonsezi zimafuna anthu odziwa mmene zitsulo ndi miyala zimapiririra katundu, kutentha ndi dzimbiri. Maphunziro a uinjiniya amapezeka ku MUBAS mu Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo, ndipo khomo lake ndi kukhoza bwino masamu, Physics ndi Chemistry pa MSCE. Wakhoza bwino digiri yoyamba angathe kupitiriza ya Masters ndi PhD, n'kukhala mphunzitsi ndi wofufuza pa yunivesite, kapena kugwira ntchito ku Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe limayendera ngakhale masikelo a m'misika. Yambani ndi zomwe muli nazo: mangani mwala pa sikelo yokoleka, werengani nambala, umizeni mu ndowa yamadzi, werenganinso.

Kwa inu makolo ndi a komiti ya mzikiti, tisaiwale kuti al-Khazini tikumudziwa lero chifukwa munthu mmodzi analipirira maphunziro a kapolo. Pakati pathu pali anyamata ndi atsikana okhoza masamu amene amasiyira sukulu pa Fomu 2 chifukwa cha fizi, ena n'kulowera ku Joni, ena ku ukwati. Pokonza za sadaka ya chaka chino, tiyeni tiwafunse aphunzitsi a sayansi mayina a ana oterewa.